Zilembo za Ulusi Wofiira

Thumba langa la mabuku linali la saka ya feteleza. Patsogolo pake mayi anasokapo zilembo zisanu ndi ulusi wofiira: FILTH. Mayi sankadziwa kuwerenga.

Chinali chaka chomwe Shire anatilanda nyumba kumunsi kwa Ngabu. Tinkagona m'tchalitchi, mabanja mbwee, ine ndili ndi diresi limodzi lonunkha matope. Sopo anali atapita ndi madzi.

Lolemba lina, zilembozo zisanasokedwe pathumba, aphunzitsi a Chingerezi anandiimika kutsogolo kuti ndikhale chitsanzo cha liwu lakuti filth. Anati liwu limenelo limatanthauza uve, nyansi. Anati linachokera ku liwu lakale lotanthauza chinthu chowola, lomwe lija kumpira timati fawulo. Ankadziwa kuphunzitsa, ndisawanamizire. Mpaka lero sindinaiwale. Kenako analilemba m'kope langa ndi bolopeni yofiira. Kuyambira tsikulo anyamata ankaimba mluzu ndikamadutsa: "Fawulo! Filifi walowa!"

Mayi ataona inki yofiira nkhope inawala. "Akulembera chiyani aphunzitsi, mwanawe?" Ndinayankha kuti akuti ndine wanzeru. Manyazi ndiwo anandinamitsa. Iwo anasolola ulusi m'mphepete mwa chitenje chawo, n'kukhala pansi pa mtengo wa masau kukopera chilembo chilichonse ngati akusoka maluwa. Ankauza amayi anzawo kuti mwana wawo wapatsidwa dzina lachizungu.

Thumbalo ndinalinyamula masabata awiri, zilembo zitayang'ana pamimba. Tsiku lomwe anyamata analitembenuza, kalasi yonse inafa nacho chiseko, aphunzitsi mpaka kupukuta misozi. "Ngakhale kwanu akuvomereza," anatero.

Nditafika kutchalitchi ndinaliponya pamapazi a mayi, anthu akuona. "Akuti nyansi! Mwandisokera nyansi chifukwa ndinu mbuli!" Ndinali ndi zaka khumi zokha, koma ndikakumbukira mtima umandipwetekabe. Bodza linali langa, chilango n'kugwera iwo.

Sanandimenye. Anathyola munga n'kuyamba kumasula ulusi pang'onopang'ono. Timabowo tinatsala, ndipo liwulo linkawerengekabe. Atamaliza anatsikira kudambo, n'kukwecha manja ndi mchenga mpaka magazi kutuluka.

Ine ndinaima patali, ndikumva kukoma kuti lero amene walira si ine. Ndinkangodabwa kuti manjawo akuwakwecheranji chonchi, pomwe angogwira ulusi basi.