Chijasi Changa Chinakwatiwa ku Chelstone

Ndinanyamuka ku Kabwata m'mawa wa Loweruka lina mu Juni, kukuzizira kotero kuti tambala wa aneba athu analira koma mawu ake anadzamveka masana atasungunuka. Wokana akafunse, ena mwa anebawo akadali moyo. Ndinavala chijasi changa chaubweya chofika m'maondo, chimene ndinagula kwa mlonda wina atapuma ntchito.

Tsikulo mlongo wanga Esinati anali kukwatiwa ku Chelstone. Esinati ankagulitsa tinsomba touma ta kapenta pamsika, ndipo alongo ake a mkwatiyo, Mwansa, omwe ndi Abemba a ku Kasama, anamuseka tsiku lina kuti m'tchalitchi mudzadzaza amphaka kuposa anthu. Ife a Kum'mawa ndi Abemba timanyozana mwachibale osakwiyirana, koma mawu awa anamulowa. Analumbira kuti popanda pefyumu salowa m'tchalitchi. Inali nthawi ija ya chipani chimodzi ndi mashelefu oyera: sopo kulibe, saladi wophikira kulibe, shuga tinkangomumva pawailesi. Mwayi wake, msuweni wathu Bea wa ku Woodlands ankagwira ntchito m'ndege ndipo anabwera ndi kabotolo kuchokera kunja. Wokatenga ndinali ine.

Ndinayenda pansi kudzera ku Libala ndi ku Chilenje, chifukwa basi ya boma masiku amenewo inali ngati Khirisimasi, aliyense ankadziwa kuti idzabwera ndithu. Ndinafika ku Woodlands dzuwa litatuluka koma lisanayambe ntchito. Bea anatuluka pageti atafunda bulangete.

"Iwe Lazalo, gwila na manja yabili," anatero. "Iyi ni vanila. Ni ya mphepo chabe, ukaika mu Okutobala anthu bazakomoka. Umuuze Esinati, dontho limodzi kumbuyo kwa khutu, limodzi pa dzanja. Ndipo botolo iziimilila, chotsekela chake nichofooka."

"Nanga nikapunthwa?"

"Uzigwa choimilila."

Anandinunkhizitsako pang'ono. Abale anga, zinali ngati wina wasakaniza mkaka wam'chitini, kasitadi ndi keke ya paukwati wa nduna, kenako n'kuzifunditsa. Mimba yanga, imene inali isanaone chilichonse chiyambire dzulo, inaimba nyimbo yafuko. Ndinaika kabotolo m'thumba lam'kati la chijasi, pamtima penipeni.

Basi yopita m'tauni inabwera chakumam'mawa komwe, anthu n'kuombera m'manja. Ndinalipira ngwee makumi awiri kuti ndiime ndi mwendo umodzi. Mwendo winawo unapezeka utafika kale kumbuyo. Patsogolo panga panali mayi wina wa thumba la mbatata. Titayandikira kuchipatala chachikulu, dalaivala anaponda buleki chifukwa cha njinga, chigongono cha mayiyo n'kundipeza pachifuwa. Ndinamva kakuti thu, kenako kuzizira kukutsika m'nthiti. Dzanja loti ndipisire m'thumba ndinalibe, onse awiri anali atapanikizika pakati pa anthu.

Fungo linadzaza m'basi monse. Mphuno zinayamba kuzungulira.

"Nindani ali na keke?" anakuwa kondakitala. "Keke nayo ilipila!"

Mdala wina wachipewa anatseka maso, msozi uli mbwe. "Bana banga," anatero, "iyi fungo ninaimvela lasti pa tsiku ya ufulu."

Nditatsika m'tauni ndinapisa m'thumba. Chotsekera chinali pachokha, botolo lili theka. Theka linalo linali litalowa mu ubweya wa chijasi. Ndinatseka bwinobwino, n'kukaima pakhomo la sitolo ina yotseka pa Cairo Road, pobisalira mphepo, kuti ndiganize chokamuuza Esinati.

Achinyamata a lero sangamvetse, choncho ndifotokoze. Masiku amenewo ukaona munthu waima pakhomo la sitolo, unkayamba waima kumbuyo kwake, kufunsa pambuyo. Ndiye taganizani munthu woima pakhomo akununkhira keke. Nditacheuka ndinapeza mzere. Amayi a madengu, makalaliki a mataye, wansembe mmodzi.

"Ba bosi, bagulitsa chani?" anafunsa mayi amene anali kumbuyo kwanga.

"Kulibe, amai. Niganiza chabe."

"Ah, tonse tiganiza. Musatibise, mabisiketi yabwela."

Ndinawaonetsa chikwangwani kuti sitoloyo inali ya mapaipi ndi misomali. Iwo anati ndimo mmene amabisira. Ndinachoka, mzere unachoka nane. Ndinafulumira, unafulumira. Pamene ndinkafika pokwerera mabasi a ku Chelstone, mchira wa mzerewo unali ukadali ku positi ofesi, ndipo akumbuyo anali atayamba kugulitsana malo. Ndikulumbira, wina anandiuza pambuyo pake kuti anamva zoti kutsogolo kukugawidwa batala.

Pasiteshoni anandiimitsa bambo wa chipani, wa baji pachifuwa ndi kandodo m'manja, amene ntchito yake inali kuwongola mizere.

"Komuledi, tili na lipoti kuti mubisa makeke. Kubisa katundu ni kuzonda dziko. Vulani."

Anasecha thumba lililonse. Anapeza chisa, tikiti ya basi ndi kabotolo. Anatsegula, ananunkhiza, nkhope yake yonse inafewa ngati buledi wonyika mu tiyi.

"Iyi tifunika kuyesa," anatero.

Anayesa pakhosi. Anayesa pachipewa. Anayesa pampango kuti akamve maganizo a mkazi wake kunyumba. Amayi a pamzere anayamba kudandaula kuti aima nthawi yaitali, sangapite manja okha, ndipo iye, pokhala munthu wachilungamo, anayamba kugawa dontho limodzi limodzi padzanja la aliyense, osakondera. Wansembe analandira pa Baibulo. Ndinagwada, ndinatchula za ukwati, za kapenta, za amphaka. Atamva za ukwati anadzidzimuka, n'kundibwezera botolo mwaulemu.

"Nanga simunakambe bwanji, komuledi? Patukani! Uyu ali pa nchito ya banja!"

Anandikweza basi ndili woyamba, n'kundikhazika pawindo. Chibadwire sindinakwerepo basi mwaulemu chotero. Botolo ndinaopa kuliyang'ana, koma kupepuka kwake ndinkakumva.

Pawindo ndinagula chinangwa chowotcha cha ngwee zisanu, ndipo chifukwa cha manja anga chinkakoma ngati keke. Tinadutsa Northmead, tinadutsa yunivesite. Pa Munali tinapeza njuchi, ndipo zinatiperekeza mpaka pathanki yamadzi ya ku Chelstone, zikuuluka pambali pa windo langa mwadongosolo. Mfumukazi yawo inandiyang'ana m'maso. Izi ndinaziona ndekha.

Kunyumba kwa azakhali, kumene Esinati ankavalira, ndinafika galimoto ya maluwa ikudikira kale panja. Amayi anandilandira ndi nthungululu. Esinati anali pampando atavala diresi loyera lopanda mikono, mano akugundana ndi mphepo. Ndinamupatsa botolo. Analizondotsa. Analigwedeza. Anayang'ana m'kati ndi diso limodzi. Simunatuluke kanthu, ngakhale moni.

"Ba Lazalo," anatero pang'onopang'ono, "kabauzeni ba Mwansa kuti sinibwela."

Ndinayamba kufotokoza za chigongono, koma azakhali anakweza dzanja. Ankanunkhiza m'mwamba, akuyenda pang'onopang'ono mpaka mphuno yawo inagunda batani langa lachiwiri.

"Iwe, vula."

"Anti, kuzizila."

"Vula, chitsilu iwe, wavala ukwati wa mwana wanga!"

Anamuveka Esinati chijasi pamwamba pa diresi, n'kumukhazika pafupi ndi mbaula. Ubweya utamva kutentha unatulutsa zonse zimene unamwa m'basi muja. Mano a Esinati anasiya kugundana. Anakweza kolala, anapuma mozama, n'kuyamba kuseka misozi ikutsika. Anakwera galimoto ali m'chijasi cha mlonda, mkwatibwi woyamba mu Lusaka kuoneka ngati akupita kukalondera banki, ndipo anachivula pakhomo la tchalitchi penipeni.

Alongo ake a Mwansa anali pomwepo, atakonzekeratu mphuno. Wamkuluyo anamukumbatira, n'kukanirira pomwepo osafuna kumusiya.

"Mulamu, shani! Mwanunkhila monga bekale yonse ya makeke!"

"Zikomo mulamu," anatero Esinati. "Nanga amphaka banu baja, mwabasungila mipando?"

Mphaka anabweradi mmodzi, sindinama. Anakhala kumbuyo, anamvetsera ulaliki pang'ono, n'kutuluka mokhumudwa.

Ine ukwati wonse ndinaudya ndili m'shati. Pachithunzi cha banja aliyense akuoneka bwino, koma pamene ndinaima ine pali kautsi chabe, chifukwa cha kunjenjemera. Madzulo nditapempha chijasi changa, Esinati anati chalowa m'banja la a Mwansa ndipo malowolo ake ndi botolo lija.

Pa ulendowu ndinaphunzira kuti Bea ankanena zoona: vanila ndi wa nyengo yozizira. Chimene sanadziwe n'chakuti m'botolo sakhalitsa, koma mu ubweya amamanga nyumba. Chijasicho chikadali m'kabati ya Esinati, ndipo Juni aliyense amachitulutsa n'kuchivala popita kutchalitchi. Ine ndikapitako ndimayamba kupereka moni kwa a Mwansa, kenako kwa mlongo wanga, kenako ndimatsegula kabati n'kufunsa mlamu wanga waubweyayo ngati akumusunga bwino.