Chifuwa Chomwe Ndinkachiyeza Ndekha

Chinayamba ngati kachifuwa wamba, nyengo ya fumbi, mvula isanagwe. Nthawiyo n'kuti ndikumaliza kafukufuku wa digiri yanga yachitatu. Ndinkafufuza tizipangizo topyapyala zedi, tokhuthala atomu imodzi yokha, tomwe tingathandize makompyuta amtundu watsopano, otchedwa a kwantamu, kuti asamataye msanga zomwe asunga. Ndinkagwirira ntchito m'kachipinda kunyumba kwa achimwene ku Area 43, mawindo ali chitsekere kuopa fumbi pa laputopu. Mwana wanga Tadala, wazaka zinayi, ankaswera momwemo, akujambula pansi pa tebulo.

Ife a fizikisi tinaphunzitsidwa kuti kuyeza kamodzi si umboni, uyenera kubwereza mpaka zitaoneka bwino. Ndiye thupi litayamba kutentha, ndinagula choyezera n'kumalemba m'kope m'mawa ndi madzulo. Likazizira ndinkati basi zatha. Likatentha ndinkati choyezera chalakwitsa. Masabata asanu ndi limodzi anatha choncho, chakudya osachifuna, siketi zikukhwepa m'chiuno. Alamu anga atandidandaulira, makamaka poganizira mwanayo, ndinawayankha mwamwano kuti ndikudziwa chomwe ndikuchita. Uchitsiru weniweni.

Lachiwiri lina ndinakhosomola timagazi. Mawa lake achimwene ananditengera kuchipatala ku Old Town. Tinakhala pabenchi panja kuyambira m'mamawa mpaka masana, aliyense atavala chotseka pakamwa. Anesi anandipatsa kabotolo ka makhololo, kenako ndinakajambulitsa m'chifuwa. Lachisanu zotsatira zinatuluka: chifuwa chachikulu.

Ndinawaonetsa adokotala kope lija. Anatsegula masamba awiri okha n'kulitseka.

"Mayi, mwalemba bwino, koma mukanabwera kalekale. Kunyumba mumakhala ndi ndani?"

Ndinawauza za mwana wanga. Tadala anamuyeza sabata yotsatira, ndipo naye anamupeza nacho. Ndinalira pabenchi pomwepo, anthu akuona.

Tinamwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi, m'mawa uliwonse tisanadye. Ine ndinkamva nseru, mkodzo unafiira, mfundo zinkaphwanya. Koma zanga sizinandiwawe ngati kumugwira mwana manja kuti ameze mankhwala akewo, iye akukuwa kuti amayi ndisiyeni. Kafukufuku ndinamuimika. Aphunzitsi oyang'anira ntchito yanga anamvetsa, ngakhale anzanga omwe tinayamba nawo limodzi anamaliza n'kundisiya.

Panopa ndinachira, ndipo ndabwerera pa maatomu anga, mawindo ali otsegula. Tadala anamaliza mankhwala, wayamba sukulu, koma thupi lake silinabwerere kwenikweni. Akangotsokomola pang'ono, mtima wanga umathawa.

Inu amene mukuwerenga, chifuwa chikatha masabata awiri, pitani kuchipatala, kaya ndinu ophunzira chotani. Ine ndinkadikira umboni wokwanira, ndipo unakapezeka m'mapapo mwa mwana wanga.