Chaka Chimene Tinapaka Nyani Penti

Chitini chija ndimachikumbukira kuposa nkhope za anzanga a m'kalasi. Chinali cha mafuta ophikira, chophwanyika mbali imodzi, ndipo ukachimenya ndi ndodo chinkalira ngati munthu wachifuwa. Amayi anandipatsa mu Febuluwale, chimanga chitayamba kukhwima, n'kundiuza kuti sukulu iyambe yadikira. Ndinali mu Sitandade 5, m'zaka zija matipate itangobwera, sukulu itakhala yaulere. M'mawa ana onse a ku Mtiya ankatsetsereka ndi makope awo, ine ndekha n'kumakwera mtunda, kupita kumunda wathu wa m'tsinde mwa phiri kukalondera anyani.

Kumundako kunali kansanja ka mitengo inayi kofolera ndi udzu. Ndinkakhala pamenepo kuyambira nkhungu isanachoke m'mitengo ya paini mpaka dzuwa litabisala kuseri kwa phiri. Sungachoke, sungawodzere, ngakhale kokadzithandiza uyenera kupita ukumenya chitini. Mphepo ikakhala yabwino belu la kusukulu linkamveka mpaka kumeneko, ine n'kumati ili ndi la masamu, ili ndi la buleki. Masamuwo sindinkawakonda n'komwe, koma munthu ukamangidwa pamalo amodzi umasowa ngakhale zimene unkazemba.

Anyani a chaka chimenecho anali achilendo. Makolo awo ankathawa akangomva mwana akukuwa. Awa ankakhala pamwala n'kumandiyang'ana, wina akudzikanda m'khwapa, kudikira kuti mkono wanga utope.

Chifukwa chake tonse tinkachidziwa, ndipo chinkagona m'nyumba mwathu momwemo. Amalume, mlongo wawo wa amayi, ankachita digiri yachiwiri ku Chirunga, ndipo kafukufuku wawo anali wa gulu la anyani lomweli. Anatha zaka ziwiri akulilondola m'phiri, osaponya mwala, osakweza mawu, atavala jekete imodzimodzi yobiriwira tsiku lililonse, mpaka anyaniwo anasiya kuwathawa. Apo m'pamene anayamba kulemba zenizeni: ndani amayamba kudya, ndani amasaka mnzake nsabwe, mwana amanyamulidwa ndi ndani mayi ake akamadya. Ankati ukafuna kudziwa mmene makolo a anthu ankakhalira asanadziwe moto, uyang'ane nyama izi, chifukwa ife ndi izo tinachokera kwa kholo limodzi.

Amayi, amene sankaphonya mapemphero a Lachinayi, ankangoti, "Kholo limodzi ndi inu, achimwene, osati ine. Ndiye mukawauze abale anuwo kuti chimangacho n'cha ana anga."

Amalume ankaseka, koma kuseka kwake kunkafupika sabata iliyonse. Nyani amene wasiya kuopa munthu wa jekete amasiyanso kuopa mwana wa chitini. Mwina zimenezi zinalembedwa m'mabuku mwawo, kumapeto kumene anali asanafike.

Kumayambiriro kwa Malichi aphunzitsi anatumiza uthenga wakuti ndikapanda kuoneka Lolemba lotsatira, dzina langa lifufutidwa m'kaundula. Ana anali ochuluka zaka zimenezo, panalibe wosungira mnzake malo. Amayi anamva, n'kuyankha kuti, "Kaundula sadyedwa." Sindiwaimba mlandu. Bambo anali atamwalira, ndipo munda uja ndiwo unkatisunga chaka chonse.

Tsiku limenelo ndinalira pansanja, ndipo amalume anandipeza ndikulira, akutsika phiri m'mbuyo mwa anyani awo. Anakhala pansi, n'kuyang'ana mapesi othyokathyoka ndi zitsononkho zolumidwa kamodzi n'kutayidwa. Anayang'ana nthawi yaitali.

Eni minda yoyandikana ndi wathu anali ndi njira yawo yakale. Umagwira nyani mmodzi wamoyo, n'kumupaka penti woyera thupi lonse, n'kumumasula. Iye amathamangira anzake, anzakewo poona chinthu choyera chikubwera amathawa, iye n'kumawatsatirabe, mpaka gulu lonse kukathera kutali, osabweranso nyengo yonseyo. Azibambowo anali atatchera khola lawo kangapo, koma anyani ankalilambalala. Njira yeniyeni ya anyaniwo ankaidziwa munthu mmodzi yekha.

Loweruka m'mawa amalume anavala jekete yawo, n'kuuza azibambo aja kuti, "Nyamulani kholalo munditsate." Anawafikitsa pa mkuyu wina, pamene gulu linkatsikira kumadzi. Dzungu la nyambo anaikamo okha. Azibambo ndi ine tinabisala m'tchire titagwira chingwe cha chitseko, amalume n'kukhala poyera pafupi ndi kholalo, kabuku pabondo, ngati masiku onse. Anyani anabwera chifukwa anaona iwo.

Analowa anali wamkazi wa khutu long'ambika, amene amalume ankati ndi wodekha kuposa onse. Chitseko chinagwa. Azibambo aja anamupaka ndi bulashi yomangirira kundodo, kudzera m'mipata ya mitengo, fungo la penti likuwawa m'mphuno kusakanikirana ndi la mkodzo wake. Atatopa ndi kukuwa anakhala pansi n'kuyang'ana manja ake, kuwatembenuza uku ndi uku, ngati mmene ankachitira amayi akabwera kuchigayo. Zikhadabo zake zinali ngati zanga. Ndinaziona bwinobwino, ndipo ndikuvomera kuti ndinaseka mpaka m'mimba kupweteka.

Atamutsegulira anathamangira kwa anzake, ndipo zinayenda monga ananenera azibambo aja. Phiri lonse linadzaza phokoso.

Lolemba ndinali m'kalasi, nditakhala pansi pa simenti yozizira, ndikulakwa masamu mosangalala. Chimanga tinakolola. Amalume anakwerabe phiri kwa milungu itatu. Gululo analipeza kamodzi kokha, kutali, ndipo litangowaona linabalalika. Kuti ayambirenso ndi gulu lina pankafunika zaka zina ziwiri, zimene sukulu yawo sikanawapatsa. Analongedza mabuku m'katoni, kuwasiya kunsi kwa bedi la amayi, n'kupita kukaphunzitsa sayansi kusekondale ina kuchigwa. Digiri ija sanaimalize.

Ine, amene zonsezi zinachitikira, sukulu ndinailekera mu Fomu 2. Masamu omwe aja. Lero ndimasoka nsapato pakhonde la sitolo ya amwenye m'tauni, ndipo pakakhala palibe kasitomala ndimawerenga mabuku a m'katoni muja, dikishonale ili pambali, tsamba limodzi tsiku lonse. Za mafupa a anthu akale ndimazidziwa kuposa mmene wosoka nsapato aliyense amafunikira kudziwa. Amalume sanandikumbutsepo chilichonse, ngakhale kamodzi.

Koma Loweruka lija, tikutsika, ine ndinkadumphadumpha patsogolo pawo ndikukuwa kuti, "Amalume, mwawapusitsa!"

"Eya," anatero, "ndawapusitsa. Tsogola, mphwanga, ndikupeza."

Nditacheuka ndinawaona ataima m'njira, mutu atapendeketsa, akumvetsera phokoso likukwera phiri. Ndinaganiza kuti akufuna atsimikize kuti anyaniwo apitadi, kuti ndisabwererenso pansanja. Kwa ine kunali kuuwa chabe. Sindikanadziwa kuti iwo ankazindikira mawu a aliyense, mmodzimmodzi, ndiponso kuti liwu limene linkatsalira m'mbuyo, likuitana, linali la ndani.