Mtanda wosachita dzimbiri

Bambo owotcherera zitsulo pa Chitakale saopa imfa, amaopa dzimbiri. Chitsulo chilichonse chowayandikira amachipaka penti wofiira woteteza, ngakhale njinga ya munthu wongodzapereka moni. "Mvula ya kuno imadya chitsulo ngati chiswe," amatero.

Chaka chatha anadzipangiratu mtanda wa pamanda pawo, n'kuupaka katatu. Akazi awo anauyang'ana, kenako anayang'ana malata a nyumba yawo, obookabooka ngati sefa.

"Bambo, ndiye inu mukagone mwaulemu, ine ndizinyowa kuno?"

M'mawa mwake bambowo anakwera padenga ndi phula ndi penti, akung'ung'udza. Mtandawo mayi amayanikapo matewera a mdzukulu, ndipo amauyamikira kuti sudetsa nsalu.