Amalume ndi pulinta ya ku shopu

Mwaswera bwanji nonse.

Lero amalume a ku Dambe anabwera ku shopu kwanga kuno ku Lisungwi ndi laputopu yawo, kudzapulinta pulogalamu ya chinkhoswe cha mng'ono wathu Tiyamike.

Amene simukudziwa, rauta yathu ya intaneti ndi imodzi koma inagawidwa pawiri. Mbali ina ndi ya shopu, komwe kuli pulinta ndi mafayilo a makasitomala. Inayo ndi ya aliyense wongofuna intaneti. Mbali ziwirizi sizionana.

Ine ndinawalumikiza ku mbali ya aliyense. Intaneti inagwira, koma pulinta sinaoneke pa laputopu yawo.

Amalume anati vuto ndi kutalikirana. Anasendeza mpando. Sinaoneke. Anasendezanso. Mapeto ake anasanjika laputopu pamwamba penipeni pa pulinta, n'kupinda manja kudikira.

Kenako amuna anga anatulukira, n'kupulinta lisiti kuchokera pa foni yawo ali chiimire pakhomo. Pepala linatulukira pansi pa laputopu ya amalume.

Amalume anafunsa kuti zatheka bwanji. Ndinafotokoza zonse. Anangoti, "Ndiye kuti mkamwini ali mkati, mwini mbumba ndili panja?"

Ndinati tingokopera pa fulashi, sizichedwa. Anakana. Akuti nkhani si ya pepalanso, akufuna pasiwedi ya mkati. Apita osamwa ndi tiyi yemwe. Chinkhoswe ndi Loweruka, ndipo ankhoswe ndi iwowo.

Mkatimo muli mafayilo a eni ake, sindingangotsegulira aliyense. Ndiye mukuti bwanji? Ndiwapatse pasiwedi, kapena nditulutse amuna anga akakhale nawo panja?