Njira Yotsala ya a Sipoko

Malume anga anthu amawatchula kuti a Sipoko, chifukwa ndi aatali ndiponso oonda ngati sipoko ya njinga. Anagwira ntchito yoperekera makalata pa njinga zaka makumi atatu, mpaka anadziwa galu aliyense wa m'tauni muno ndi khalidwe lake. Atapuma pantchito, gulu la masikauti a pasukulu yakwathu linawapempha kuti aziyesa ana ofuna baji ya njinga. Malipiro panalibe. Anangowapatsa sikafu ndi wezulo, koma mukanaona kayendedwe kawo tsiku limenelo, mukanati awapatsa unduna.

Kuti mwana alandire bajiyo, ayenera kudziwa kumata chubu ndi kubwezera tcheni, kenako apalase ulendo wa makilomita makumi awiri. Malume ndiwo ankasankha njira ndi kusainira mafomu. Anali ndi lamulo lawolawo lomwe palibe anawapatsa: mwana wa mwini satumizidwa panjira imene iwo sanaipalase dzulo lake. Mayeso akakhala Loweruka, Lachisanu ankayenda njira yonse okha, akumanga tinsanza tofiira m'mitengo paliponse pokhota. Akazi awo ankadandaula kuti m'nyumba mwawo chovala chofiira sichikalamba. Ine nditayamba utelala, ndinkawasungira zidutswa za nsalu kuti banja lisathe.

M'kope mwawo munali njira zisanu ndi ziwiri, zojambulidwa ndi pensulo, chitunda chilichonse ndi mtsetse uliwonse zolembedwa bwinobwino. Njirazo zinatha imodziimodzi ine ndikuona. Yodutsa m'mabulugamu wina anagula malowo n'kumangapo mpanda wa njerwa, pamwamba n'kusomekapo mabotolo osweka. Ya kumlatho wamatabwa inatha tsiku limene madzi anakokolola mlathowo, ndipo olonjeza kumanga wina akulonjezabe. Zina zinamezedwa ndi nyumba. Ikatha njira, malume ankatenga lula n'kudula tsambalo ndi mzere wowongoka. Chaka chino inatsala imodzi yokha, yozungulira damu.

Ana oyesedwa analipo asanu, atsikana atatu ndi anyamata awiri. Lachisanu m'mawa malume anadzatenga tinsanza pashopu panga n'kunyamuka. Dzuwa lisanafike pamutu ndinawaona akubwera, njinga akukankha, chigongono chikuchucha magazi.

"Malume, chachitika n'chiyani?"

"Aika geti, mphwanga. Damu lonse alitchinga ndi waya. Mlonda wake ndi mwana amene ndinamuyesa ndekha kalekale. Wandipatsa moni mwaulemu wonse, mpaka kuvula chipewa, koma geti sanatsegule."

"Nanga magaziwa?"

"Ndinati ndiyese msewu waukulu. Lole yandigwetsera m'ngalande, woyendetsa osacheuka n'komwe. Ngati ine zanditere, nanga mwana woti wayamba kupalasa chaka chatha?"

Ndinawatsuka balalo ndili wokwiya, koma woti ndimukwiyire sindinkamudziwa. Tinsanza tonse tinali tikadali m'thumba mwawo.

Madzulo ake kunabwera aphunzitsi amene amatsogolera gululo, munthu wabwino ndithu koma wokhulupirira mafomu kuposa china chilichonse. Anati mafomu akufunika kulikulu Lolemba, ndipo atatu mwa anawo akumaliza sukulu chaka chino, mwayi wina sadzaupezanso. Nzeru anali atabwera nayo kale.

"Bambo, bwalo la mpira ndaliyeza. Akalizungulira maulendo makumi asanu ndi limodzi, makilomita akwana. Malamulo sakunena kuti njira ikhale yotani."

"Aphunzitsi, njinga si chigayo choti chizingozungulira pamalo amodzi. Mwana aone chitunda, atope, asochere pang'ono, apeze yekha njira yobwerera kwawo. Bajiyo tanthauzo lake ndi limenelo."

"Ndiye tiwauze kuti alephera?"

Pamenepo malume anagonja. Anawo anali atawaphunzitsa miyezi inayi, ndipo mmodzi ankachita kubwereka njinga ya mlamu wake sabata iliyonse.

Loweruka m'mawa ndinatseka shopu n'kuwatsatira. Lamulo lawo sanalitayiretu: anayamba azungulira bwalolo okha kamodzi, akutola minga ndi timiyala. Kenako anaima pafupi ndi golo, naliza wezulo. Ana ananyamuka akuseka. Pofika ulendo wa khumi kuseka kunatha. Anangoti zyoli, kupalasa, fumbi lili koboo, kudutsa chimbudzi cha sukulu chomwecho ndi mtengo womwewo. Palibe anagwirako buleki, palibe anaimika dzanja kusonyeza kuti akukhota. Malume ankawerenga mokweza, mawu akunka nachepa. Ndinawamvera chisoni kwambiri, mpaka ndinayang'ana kumbali.

Atamaliza, aphunzitsi anaomba m'manja n'kutulutsa mafomu. Malume anatsamiritsa mapepalawo pachishalo cha njinga yawo, nasaina onse asanu. Sanayang'ane aliyense kumaso.

Mtsikana wamng'ono pa onsewo anabwera ndi fomu yake, thukuta lili kamukamu, cholembera chili m'manja.

"Agogo, apa akuti tilembe kumene tinafika. Tilembepo kuti chiyani?"

Malume anayang'ana bwalolo, nayang'ana mizere ya matayala yomwe inali itakumba kanjira kozungulira m'fumbi.

"Pasiye choncho, mdzukulu wanga," anatero. "Usalembepo bodza. Langa lija lakwana."