Dzina la Matenda a Malemu

Amuna anga anayamba kutupa miyendo tikukhala ku Biwi, chaka chimene anthu othawa nkhondo ku Rwanda anayamba kuoneka mumsika. Adokotala anati ndi impso. Azakhali a amuna angawo atabwera kuchokera ku Dowa anayang'ana miyendoyo, nayang'ana ine. Anati ndi tsempho: ndinayenda ndi mwamuna wina, kenako ndinathira mchere m'ndiwo. Kuyambira tsiku limenelo azakhaliwo sanadyenso ndiwo zimene ine ndathira mchere.

"Impso tonse tili nazo," anatero. "Bwanji ife sitikutupa?"

Pakhomo loyandikana nafe pankakhala mayi wa ku Rwanda wogulitsa tomato, amene kwawo anali namwino. Ndiye ankandithandiza kutembenuza wodwala. M'mawa umene amuna anga anamwalira ndinamufunsa mayiyo dzina lenileni la matendawo, poti pamaliro mwini mbumba amafotokozera anthu chimene chatenga malemu. Akangoti "anatupa", aliyense amamaliza yekha.

Anati amalidziwa m'Chifalansa chokha. Analitchula, ine osagwirapo kanthu. Ndiye analidula ngati mmene tinkachitira mu Sitandade 1, kuwomba m'manja chidutswa chilichonse: en-su-fi-zans, re-nal.

"Choyambacho chitulukire m'mphuno, Mama. Chachiwiri songolani milomo ngati mukuuzira phala la mwana. Kumapeto musawonjezere kanthu, ingoimani."

Kuimako kunandivuta. Ife mawu timawatseka bwinobwino.

Masana ndinapempha amalume awo a malemu kuti tionane kuseri kwa nyumba. Ndinagwada, n'kuyamba kuwomba m'manja. Iwo anayesa ndikupereka ulemu, nawombanso.

"Ayi, amalume, bwerezani. En."

"Eni."

"M'mphuno."

"Mayi, ine ndili ndi chimfine."

Tinabwereza mpaka oyimba kwaya anayamba kusuzumira.

Mawa lake amalume anaimirira pamaso pa anthu, chipewa m'manja. Anati mwana wawo anadwala matenda a impso, amene madokotala akunja amawatcha, apa anatsokomola, "ensufizansi renali". Anawonjezera zonse zimene tinaletsedwa. Mayi wa ku Rwanda anaweramitsa mutu. Anthu anati "mmm", ndipo bambo wina kumbuyo anati matenda amenewo ndi oopsa, anaphanso msuweni wake ku Joni.

Azakhali sanabwerere msanga ku Dowa. Anakhala nafe mpaka tsiku lometa. Madzulo ake ndinaphika mpiru, ndipo monga mwa masiku onse ndinawapatulira wawo wopanda mchere. Analawa, nakankhira mbale kwa ine.

"Kodi mchere unatha m'nyumba muno?"

Ndinathira. Anadya.